Jeevanjee, mmwenye amene anamanga Nairobi kenako azungu n'kumuuza poti akhale

Mu 1899 Nairobi sunali mzinda ayi, panali padambo chabe pomwe anthu omanga njanji yochokera ku Mombasa anaima kuti akonzekere bwino asanayambe kulimbana ndi mapiri a ku Rift Valley. Matenti, mashedi amalata, matope nthawi ya dzinja, fumbi nthawi ya chilimwe, basi. Koma pofika 1905 boma la atsamunda linali litasamutsira likulu lake pomwepo kuchoka ku Mombasa, nde munthu umadabwa kuti maofesi, nyumba za mabwana, msika ndi zina zonsezo anamanga ndani mwachangu chonchi, poti bomalo linali losauka, linkadalira thandizo lochokera ku London ndipo ndalama zambiri zinali zitathera m'njanji. Mbali yaikulu ya yankho ndi munthu mmodzi, Alibhai Mulla Jeevanjee, mkulu wa bizinesi amene kwa zaka zingapo boma lenilenilo linkachita lendi m'nyumba zake.

Anabadwira ku Karachi mu 1856, nthawi imeneyo Pakistan kunalibe, konseko kunali India wolamulidwa ndi Angelezi. Anali Msilamu wa gulu la Dawoodi Bohra, anthu odziwika ndi malonda kuyambira kalekale, koma kwawo sikunali kolemera ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka pafupifupi 30 anakwera sitima mpaka ku Adelaide ku Australia kukagulitsa katundu, ndipo atabwerera ku Karachi kampani yake ya A. M. Jeevanjee & Co. inkagwira ntchito zapadoko, kukweza ndi kutsitsa katundu m'sitima, kupezera sitimazo chakudya ndi antchito. Si ntchito yoti munthu n'kuvalira suti, koma imakudziwitsa kwa aliyense amene ali ndi katundu kapena anthu oti awoloke nyanja, ndipo nkomwe kunachokera mwayi wake.

Cha mu 1890 kampani ya Imperial British East Africa Company, ija ya William Mackinnon imene inapatsidwa chilolezo ndi mfumukazi ya ku Britain mu 1888 kuti iziyendetsa dera lonse lochokera kugombe mpaka ku Uganda, inkafuna amisiri, apolisi ndi antchito ena ochokera ku India. Jeevanjee anapata kontirakiti imeneyo n'kutsegula ofesi ku Mombasa. Kampani ya Mackinnon sinachedwe kugwa, ndalama zinaithera, mu 1895 boma la Britain linatenga deralo n'kulitcha East Africa Protectorate, ndipo chaka chotsatira linayamba kumanga njanji ya Uganda Railway. Cholinga chenicheni sichinali Kenya ayi, ankafuna kufika msanga ku nyanja ya Victoria komwe kumachokera mtsinje wa Nile, chifukwa amene wagwira gwero la Nile wagwiranso Egypt ndi ngalande ya Suez, njira yawo yopitira ku India. Aphungu ena ku London ankaiseka njanjiyo kuti ndi yamisala, ndipo inadyadi ndalama zoposa mapaundi 5 miliyoni.

Pomanga njanjiyi anabweretsa amwenye pafupifupi 32,000, ambiri a ku Punjab, pa makontirakiti a zaka zitatu. Jeevanjee anali mmodzi mwa akuluakulu owalemba ku Karachi, gulu loyamba linali la anthu 350, ndipo sanalekere pa kulemba anthu kokha, ankaperekanso ufa, mpunga ndi zakudya zina kumakampu komanso kumanga nyumba za njanji. Apa mpomwe anapanga ndalama zenizeni. Nde tisamabise, chumachi chinakhala pamsana pa anthu amene ankagona m'matenti m'tchire la Taru lopanda madzi, akudwala malungo ndi kamwazi, matekenya atawadya zala mpaka ena osatha kuyenda, ena kugwidwa ndi mikango iwiri ija ya ku Tsavo mu 1898. Pafupifupi 2,500 anafera konko, ena masauzande anabwezedwa kwawo ali olumala kapena odwala, ndipo pomwe njanji inkafika ku Kisumu mu Disembala 1901 amene anasankha kutsala mu Africa anali pafupifupi 6,700 okha. Anthu ambiri amaganiza kuti amwenye onse a ku Kenya ndi zidzukulu za omanga njanji, zomwe si zoona kwenikweni, amalonda achimwenye analipo ku Mombasa ndi ku Zanzibar zaka mazana njanji isanabwere, ndipo ena ambiri anabwera paokha pambuyo pake kudzatsegula timashopu m'masiteshoni.

Ku Nairobi mkuluyu anaona zomwe ena sanazione msanga. Pomwe azungu ambiri ankati malowa ndi adambo, tauniyi isamutsidwe, iye ankagula mapuloti n'kumamanga, ndipo boma pokhala lopanda ndalama zomangira linkangobwereka nyumba zake n'kumalipira lendi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anali mwini malo wamkulu mu Nairobi komanso anali ndi malo ambiri ku Mombasa. Tangoganizani, bwanamkubwa ndi mabwana ake akulamula dziko kuchokera m'nyumba za munthu amene kumakalabu awo sakanaloledwa kulowa pakhomo lakutsogolo.

Ndale za mzindawu zinayambira pa makoswe. Mu 1902 kunagwa mliri wa chaola, matenda aja ofala ndi utitiri wa makoswe, ndipo anayambira kumsika wa amwenye komwe mashopu amalata anali othithikana, kutsogolo shopu kumbuyo banja likugona pamodzi ndi matumba a chimanga ndi mpunga, ngalande zamadzi oipa palibe. Dokotala wa boma analamula kuti msika wonsewo uwotchedwe, ndipo anauwotchadi, amalonda akuonerera katundu wawo akupsa. Kuyambira pamenepo mawu akuti ukhondo anasanduka chida. Azungu ankati mwaona, amwenye ndi auve, akhale kwaokha, pomwe amwenye ankayankha kuti mwatipanikiza pakamalo kakang'ono, msonkho wa mapuloti tikulipira ndife ambiri, koma misewu yabwino, mipope ndi ngalande mukupititsa kumapiri komwe mukukhala inu. Ine ndimaona kuti amwenyewo ankanena zoona, komabe eni mapuloti olemera nawonso ankadula tizipinda ting'onoting'ono n'kumaunjikamo anthu kuti lendi ichuluke, ndipo Jeevanjee pokhala mwini mapuloti ambiri sangatuluke m'nkhaniyi manja ali oyera mbee.

Mu 1904 anamanga msika watsopano ndi ndalama zake, Jeevanjee Market, woti aliyense azigula ndi kugulitsamo. Azungu ambiri sanakondwe nazo zoti msika waukulu wa likulu lawo ukhale wa mmwenye, dzina lakenso lachimwenye, ndipo m'zaka za m'ma 1930 unagwetsedwa khonsolo itamanga wake umene lero umatchedwa City Market. Mu 1906 anaperekanso malo apakatikati pa tauni kuti akhale paki ya anthu onse, Jeevanjee Gardens, n'kuimikamo chiboliboli cha Mfumukazi Victoria chimene anachivundukula ndi Duke of Connaught, mwana wa mfumukaziyo. Chiboliboli chimenechi chikutiuza zambiri za mmene mkuluyu ankaganizira. Sankadana ndi ufumu wa Britain ayi, ankaukhulupirira ndi mtima wonse. Victoria anali atalonjeza amwenye mu 1858 kuti nzika zake zonse zidzaonedwa mofanana posayang'ana mtundu kapena chipembedzo, nde Jeevanjee ankaona ngati vuto ndi kagulu chabe ka azungu a m'mafamu a ku Kenya amene akuphwanya lonjezo, ndipo London ikangomva ikonza.

Nkhani ya nyuzipepala ndiyo imandiseketsa komanso kundimvetsa chisoni. Cha mu 1902 anayambitsa nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu ku Mombasa, African Standard, n'kulemba ntchito mzungu W. H. Tiller kuti akhale mkonzi. Mu 1905 anaigulitsa kwa azungu awiri, Anderson ndi Mayer, iwo anaisintha dzina kukhala East African Standard, kenako n'kuisamutsira ku Nairobi, ndipo kwa zaka makumi angapo inakhala pakamwa pa azungu a m'mafamu, kulemba zonyoza amwenye omwewo kuphatikizapo amene anaiyambitsa. Ndi nyuzipepala yomwe ija lero ikutchedwa The Standard ku Kenya. Pa bizinesi mwina anapindula pogulitsapo, koma pa ndale anapereka mfuti kwa mdani.

Kuti timvetse adani akewo tiyenera kuona nkhani ya malo. Njanji itatha boma linafuna kuti izibweza ndalama, nde linaitana azungu kuti adzalime kumtunda kozizira, dera limene linadzatchedwa White Highlands, malo olandidwa kwa Amaasai, Akikuyu, Anandi ndi ena. Atsogoleri awo anali anthu ngati Lord Delamere ndi Ewart Grogan, Grogan yemweyo amene mu 1907 anakwapula antchito ake atatu achikuda poyera kutsogolo kwa khoti la Nairobi. Anthuwa ankafuna Kenya ikhale dziko la azungu ngati South Africa, ndipo amene ankawaopa panthawiyo sanali munthu wakuda ayi, anali mmwenye, chifukwa amwenye anali ochuluka kuposa iwo, ena anali ndi ndalama kuposa iwo, ndipo akanaloledwa kugula minda akanawagula onse. Nduna yoona za maiko atsamunda, Lord Elgin, inagwirizana nawo kuti malo akumtundawo asamaperekedwe kwa amwenye, ndipo lamulo la malo la 1915 linapatsa azungu lizi ya zaka 999 komanso linapatsa bwanamkubwa mphamvu yoletsa kugulitsana malo pakati pa mitundu yosiyana. Choncho Jeevanjee, munthu woti akanatha kugula famu iliyonse ndi kashi, sakanaloledwa, pomwe mzungu wongotsika sitima dzulo ndi sutikesi imodzi ankapatsidwa maekala mazanamazana.

Legislative Council, khonsolo yopanga malamulo imene anthu ankangoti Legco, inayamba mu 1907 ili ya azungu okhaokha. Chaka chomwecho Winston Churchill, ali wachiwiri kwa nduna ya maiko atsamunda, anayendera dzikolo ndipo amwenye anamudandaulira, iye anavomereza poyera kuti wamalonda wachimwenye anafika m'derali mzungu wa boma asanafike. Zotsatira zake, pofika 1910 Jeevanjee anakhala munthu woyamba wosakhala mzungu kulowa mu Legco, wochita kusankhidwa ndi boma osati kuvoteredwa. Kuti muone kutalika kwa ulendo, munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba imeneyo anali Eliud Mathu mu 1944. Kwathu kuno ku Nyasaland Legco inayambanso mu 1907 momwemo, ndipo akuda awiri ndi mmwenye mmodzi analowamo koyamba mu 1949.

Mpandowo sunamuthandize kwenikweni. Munthu mmodzi pakati pa mabwana a boma ndi azungu a m'mafamu, zokambirana zonse m'Chingelezi cha malamulo, ukayankhula akumva koma povota wagonja kale. Wophika nsima anali iye koma pogawa ankamuuza kuti adikire makoko a mumphika. Nde anachita zomwe ankakhulupirira, anapita ku London mu 1910 kukayankhula ndi anyuzipepala ndi andale za tsankho la ku East Africa, mpaka anafika ponena kuti dzikolo likanayenda bwino likanakhala pansi pa boma la India. Azungu a ku Nairobi anapsa mtima koopsa, mpando wake unatha posakhalitsa ndipo panapita zaka amwenye alibenso woimira mu Legco. Mawu amenewo a India ndi ofunika kuwaganizira bwino, chifukwa akuonetsa kuti mkuluyu sankamenyera kuti dziko libwerere kwa eni ake. Ankamenyera kuti mmwenye akhale wofanana ndi mzungu pogawana dziko la eni ake. Amene amamujambula ngati womenyera ufulu wa Kenya amalumpha pamenepa.

Mu 1913 katswiri wa zaumoyo, Pulofesa W. J. Simpson, analemba lipoti lolangiza kuti Nairobi agawidwe mwalamulo, azungu kwawo, amwenye kwawo, akuda kwawo, chifukwa chake chomwe chija cha ukhondo. Chaka chotsatira, mu Malichi 1914, amwenye a ku Kenya, Uganda ndi Zanzibar anakumana ku Mombasa n'kukhazikitsa East African Indian National Congress, potengera chipani cha Congress cha ku India, ndipo Jeevanjee anali mmodzi mwa oyambitsa bungweli. Zofuna zawo zinali zomveka: mavoti pa kaundula mmodzi ndi azungu, kutha kwa tsankho la malo okhala m'matauni, ufulu wogula malo kumtunda, komanso kuti amwenye asatsekeredwe kulowa m'dzikolo.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha zinthu zinafika pothina. Mu 1920 dzikolo linakhala Kenya Colony, azungu anapatsidwa mipando 11 yovoteredwa, amwenye amene anali ochuluka kuwirikiza kawiri anauzidwa kuti atenge iwiri, iwo anakana. Ku khonsolo ya Nairobi nakonso kunali chimodzimodzi, mipando yambiri ya azungu pomwe msonkho wambiri ukuchokera kumashopu a amwenye, nde panali nthawi yomwe amwenye ananyanyala khonsolo n'kumakana kulipira misonkho. Pa nthawi imeneyi utsogoleri wa tsiku ndi tsiku unali utapita kwa anthu achinyamata ngati Manilal Desai, mkonzi wa East African Chronicle, amene anaona patali pang'ono kuposa akuluakulu a ndalama n'kuyamba kugwirizana ndi akuda. Ofesi ya Desai ndiyo inkasindikiza makalata a Harry Thuku wa East African Association amene ankalimbana ndi chitupa cha kipande, msonkho wokwera ndi kudula malipiro. Thuku anamangidwa mu Malichi 1922, khamu linasonkhana kupolisi pafupi ndi Norfolk Hotel, apolisi anawombera n'kupha anthu osachepera 21. Akuda a mu Nairobi panthawiyi ankakankhidwira ku Pumwani, komboni yovomerezeka ndi boma, ndipo pa mkangano wonse wa mipando ya khonsolo palibe amene ankawafunsa maganizo.

Mu 1922 London inayesa kupereka kaundula mmodzi wa mavoti kwa azungu ndi amwenye ophunzira kapena a katundu. Azungu a m'mafamu anayamba kukonzekera kuukira boma ndi mfuti, anakonza ngakhale zogwira bwanamkubwa Robert Coryndon n'kukamusunga kufamu. Magulu onse awiri anaitanidwa ku London mu 1923, Jeevanjee ndi Desai ali m'gulu la amwenye, ndipo chomwe chinatuluka ndi chikalata cha Devonshire, dzina la nduna ya maiko atsamunda ya panthawiyo. Apa Angelezi anachenjera zedi. Pofuna kuthawa kusankha pakati pa mzungu ndi mmwenye, analengeza kuti Kenya ndi dziko la anthu akuda ndipo zofuna zawo ndizo ziyenera kukhala patsogolo. Mawu okoma, koma m'kati mwake azungu anasunga mipando yawo 11 ndi White Highlands, amwenye anapatsidwa mipando isanu pa kaundula wawo wapadera, Aluya mpando umodzi, ndipo akuda aja akuti ali patsogolo ankaimiridwa ndi mmishonale wachizungu wosankhidwa ndi bwanamkubwa. Amwenye anapatako ziwiri, tsankho la malo okhala m'matauni silinakhale lamulo ngakhale linapitirira kudzera m'mapangano a malizi, komanso khomo lolowera m'dzikolo silinatsekedwe. Chachikulu n'chakuti maloto a Delamere oti azungu adzilamulire okha ngati anzawo a ku Southern Rhodesia, amene anapatsidwa ulamuliro wotero chaka chomwecho cha 1923, anafera pamenepo. Amwenye sankamenyera akuda kwenikweni, koma kukakamira kwawo kunathandiza kutseka njira imene ikanapangitsa Kenya kukhala Rhodesia wina, ndipo abale athu amene anakagwira ntchito ku Salisbury (Harare wa lero) ndi ku Bulawayo akudziwa tanthauzo la zimenezo.

Chuma cha Jeevanjee sichinapirire zaka zimenezi. Malonda anagwa nkhondo itatha, ndalama ya rupee imene amalonda achimwenye ankagwiritsa ntchito pochita bizinesi ndi Bombay inachotsedwa n'kubwera florin kenako shilling, boma linali litayamba kumanga nyumba zakezake ndipo silinkafunanso kudalira munthu amene akukalineneza ku London, iye mwini nthawi yambiri ali paulendo wa ndale m'malo mokhala pa bizinesi. Kenako kugwa kwa chuma kwa dziko lonse kwa 1929 kunadzamaliza zotsala. Nyumba ndi mapuloti zinapita chimodzichimodzi, ndipo pomwe ankamwalira ku Nairobi pa 2 Meyi 1936, ali ndi zaka pafupifupi 80, sanalinso mponda matiki uja.

Chomwe sanathe kumulanda ndi chomwe anapereka kale. Jeevanjee Gardens ilipobe pakati pa Moi Avenue ndi Muindi Mbingu Street, nthawi ya nkhomaliro mumadzaza anthu ogona pakapinga nsapato atatsamira kuti zingabedwe, alaliki awiri atatu aliyense ndi gulu lake akupikisana mawu, ndi bwalo la Bunge la Mwananchi, nyumba ya malamulo ya anthu wamba, komwe aliyense amaimirira n'kutsutsa boma mmene akufunira. Mu 1991, nthawi ya Daniel arap Moi pomwe malo a boma ankagawidwa ngati mtedza, panabwera pulani yoti pakiyo pamangidwe malo oimikapo magalimoto ndi mashopu. Amene anatsogolera kukana anali mdzukulu wake Zarina Patel, mothandizana ndi anthu ngati Wangari Maathai, womenyera zachilengedwe amene anali atangopulumutsa Uhuru Park, paki ina ya mu Nairobi, ndipo pulaniyo inalephereka. Zarina yemweyo ndi amene anadzalemba mbiri ya agogo akewo m'buku mu 1997, ndipo zambiri zomwe a Kenya akudziwa lero za mkuluyu zinafukulidwa ndi iye. Chiboliboli cha Victoria chija chinakhala pamalo pake zaka zoposa 100, ufulu wa 1963 sunachigwetse pomwe ziboliboli zina za atsamunda ngati cha Delamere zinachotsedwa, mpaka mu 2015 anthu osadziwika anachiphwanya mutu.